Dongo m'Bwato la Dismas

Masana a Lachinayi, mu Okutobala wa 1954, dzuwa la ku Feira linathamangitsira aliyense mumthunzi. Padooko panatsala Yoram yekha, mmisiri womata mabwato, atagwada m'bwato la Dismas, woolotsa anthu pamtsinje.

Mng'alu unali pansi, wautali ngati mkono. Mmisiri woona amatsindira luzi n'kuthira phula lotentha. Yoram anatsindira dongo, napaka phula pang'ono pamwamba pongophimba maso.

Nsanje, abale! Mkazi wake Alzira ankakwera bwato limenelo pokagulitsa nsomba zouma ku Zumbo, kutsidya kwa mtsinje. Kunyumba anali duu, koma akatsika m'bwato ankaseka mpaka kugwira nthiti. Yoram sanamupezepo akuchita kanthu ndi Dismas. Kusekako n'kumene kunkamuotcha mtima.

Madzulo anamulamula kuti, "Mawa usawoloke."

"Nsomba ziolere m'nyumba?"

"Ndanena."

Pamtsinjepo pali mwambo: womata bwato amakwera nawo ulendo woyamba, kuti aikire ntchito yake umboni. Lachisanu m'mawa Yoram anafika padooko atafunda bulangete.

"Malungo, achimwene. Pitani nokha," anauza Dismas.

"Inu simunakanepo ulendo woyamba," anatero Kopolo Samson, wapolisi amene ankayang'anira owoloka. Anamuyang'ana nthawi yaitali.

Pomwepo Alzira anatulukira, dengu pamutu, osatembenukira kwa mwamuna wake. Yoram anatsegula pakamwa kuti amuletse. Koma Dismas anatambasula dzanja, Alzira naligwira, n'kuseka. Pakamwa paja panatsekeka. Akasekere komweko, anatero mumtima.

Bwato linanyamuka. Linapitirira bango, linapitirira mchenga wa ng'ona. Pakati pa mtsinje Alzira anaponya dengu n'kuyamba kukapa madzi ndi manja. Apo mpamene mantha anaposa nsanje.

"Bwererani! Ndi dongo! Ndamata dongo!"

Dooko lonse linamva. Asodzi awiri anapalasa mwamphamvu, koma pofika anapeza bwato litamira kale. Dismas anali atakola Alzira patsitsi, akusambira ndi dzanja limodzi.

Kopolo Samson sanathamange. Anangochotsa bulangete paphewa pa Yoram, namugwira pachipumi.

"Malungo ozizira awa. Manja kuno."

Unyolo unalira, khwatha.

"Bwana, ndakuwa ndine. Ndawapulumutsa ndine."

"Mukanene zimenezo kwa woweruza. Mlandu ndi wofuna kupha anthu awiri."

"Mmodzi, bwana. Mkazi wanga sindinamufunire zoipa."

Alzira anali atatsitsidwa pamchenga, akusanza madzi. Anadzuka, nayenda motsimphina mpaka pamaso pake. Sanalire, sanatukwane.

"Bambo, dzulo munkafuna mmodzi, ndikuvomera. Koma lero munandiona ndikukwera. Ndinakuonani mukutsegula pakamwa."



"Munatseka," anatero Alzira.

Kopolo anakoka unyolo, nayamba ulendo wa ku Boma. Yoram anacheuka kamodzi. Mkazi wake sanali kwa Dismas ayi. Ankalowera yekha njira ya kwa amayi ake.