Wodwala Nambala Naini

Usiku wa Lachitatu sindinaone tulo. Ndinakhala tsonga pabedi, ndikumatsina timapazi ta mwana wanga kuti ndione ngati adzidzimuke. Kakumanja kankathawa chala changa. Kakumanzere kankangokhala, kofunda bwinobwino, ngati si kake. M'thumba la diresi langa munali pepala lopinda panayi. Chinenero chake sindichidziwa, koma deti lolembedwapo ndinkatha kuliwerenga. Kunatsala masiku asanu ndi anayi.

Mwanayo timamutcha Nyerere chifukwa sakhala pansi. Ali ndi zaka zisanu. Zaka ziwiri zapitazo m'mudzi mwathu munagwa matenda achilendo. Munthu ankayamba ndi kutentha thupi, akati wachira miyendo n'kulefuka ngati chingwe chonyowa. Anagwidwa anthu khumi ndi awiri, Nyerere ali momwemo. Kenako kunabwera adokotala a kafukufuku, bambo woonda wa magalasi okhuthala, n'kupatsidwa chipinda kuseri kwa chipatala chathu chaching'ono. Anatifotokozera kuti m'thupi muli asilikali olimbana ndi matenda, koma nthawi zina asilikaliwo amasokonezeka mutu n'kuyamba kuluma mitsempha ya mwini thupi, mpaka kukafika ku ubongo. Anatenga magazi, anapereka mankhwala, ndipo onse khumi ndi awiri anaimirira. Aliyense anapatsidwa kakhadi ka nambala. Ka Nyerere kanali naini.

Ine sukulu ndinalekeza panjira, ndiye nditamva kuti m'chipindamo mukufunika wosesa ndinathamangira. Munali firiji ya timabotolo ta magazi, tebulo, kompyuta ndi makina osindikizira amene akatentha ankanunkha ngati tsitsi lopserera. Adokotala anali atalemba pepala la anthu athu aja n'kulitumiza kutali kumene anzawo a ntchito imeneyi amawerenga. M'mawa uliwonse, asanavule ndi jekete, ankayamba kusuzumira nambala ina pakona ya kompyuta.

"Amake Nyerere, taonani umphawi wanga," anatero tsiku lina. "Awa ndi anthu amene atchula pepala langa m'mapepala awo. Atatu basi. Awiri ndi anzanga."

"Akakutchulani mumapindulanji?"

"Kuntchito kwathu munthu samuyeza ndi odwala amene wachiza. Amamuyeza ndi kutchulidwa. Pepala losatchulidwa ndi maliro opanda olira."

"Ndiye ndizikutchulani ine posesa, m'mawa ndi madzulo."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. Tsiku lomwelo anandisonyeza pamene analakwitsa. Nambala folo, amene ndi mnzanga wosoka zovala woyandikana naye nyumba, anadwala mwendo wakumanja, koma m'pepalamo munalembedwa wakumanzere. Anati zolakwika zotere amatumiza kalata yokonza, ndipo imasindikizidwa pansi pa pepalalo. "Koma ndikonzerenji," anatero, "poti palibe akuwerenga?"

Chaka chinatha nambala ija ili pa atatu. Kenako madzulo ena, ndikuanula zovala pachingwe, ndinamva phokoso lochokera kunyumba ya akalipentala. Linali la mapepala, ngati munthu akutsegula buku lalikulu tsamba ndi tsamba, mosafulumira. Akalipentala sankadziwa kuwerenga, ndipo m'nyumba mwawo munalibe ngakhale kalendala. Mphepo itawomba inabweretsa fungo lija la tsitsi lopserera. Galu wawo anatuluka mchira uli pakati pa miyendo, n'kudzagona pakhomo panga.

M'mawa mwake ndinapeza adokotala akuimba likhweru. Nambala inali pa anayi. Masana omwewo akalipentala anadzimenya chala ndi hamala mpaka chikhadabo kuthothoka, iwo osadziwa, mpaka ataona magazi pathabwa. Khadi lawo linali nambala wani.

Kuyambira pamenepo nambala ija inayamba kukwera ngati madzi a mumtsinje nthawi ya mvula. Khumi. Makumi awiri. Adokotala anagula jekete latsopano. Ine ndinkangoyang'ana, chifukwa wosesa amaona zambiri. Ndinaona kuti tsiku lililonse akaimba likhweru, mmodzi mwa anthu a makhadi aja ankataya kanthu. Wina dzanja linachita dzanzi. Wina diso linasiya kuphethira. Adokotala anawapatsa mankhwala omwe aja, koma ulendo uno zinali ngati akuwamwetsa madzi. Akalipentala anasiya kuyenda, kenako kumeza, ndipo tinawaika m'manda nambala ili pa makumi atatu ndi mphambu imodzi.

Pobwera kumaliro mnzanga wosoka anandikokera m'nyumba mwake n'kutseka chitseko. Anatenga singano n'kudzibaya pantchafu yakumanzere. Sanagwedezeke.

"Dzulo ndamva mapepala kudenga," ananong'ona.

"Koma iwe unkadwala wakumanja."

"Wakumanja uli bwinobwino. Taona." Anauvinitsa. "Uwu sunadwalepo chibadwire."

Sindinamuuze zimene ndinakumbukira.

Mphekesera sizinachedwe. Ena ankati adokotala akudya anthu kudzera m'timabotolo tija. Ena ankati ndi mnzawo wa ntchito wansanje amene akuwatumizira zimenezi. Alamu anga ankati anaona munthu wamtali atakhala pamanda a akalipentala masanasana, atawerama ngati akulemba, koma atayandikira anangopeza udzu utagona. Anthu anagenda zenera la chipinda chija. Ine ndi amene ndinasesa magalasi osweka, ndipo ndili chowerama choncho ndinalimba mtima.

"Adokotala, amene akukutchulaniwa ndani?"

"Anthu a maphunziro. Ali m'mayiko osiyanasiyana."

"Munawawerengako zimene akulemba?"

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Iwo ankangoona nambala, zinazo analibe nazo nthawi. Anakhala pansi n'kuyamba kutsegula mapepalawo limodzilimodzi. Ine ndinaima kumbuyo kwawo, tsache lili m'manja. Poyamba ankang'ung'udza kuti mayina a olembawo sakuwadziwa. Kenako anasiya kung'ung'udza.

"Ili likunena kuti nambala wani anamwalira atalephera kumeza," anatero chapansipansi. "Deti lake ndi lomwe lija."

"Mwina munawauza."

"Analisindikiza kudakali sabata ziwiri bamboyo asanamwalire."

Pansi pa pepalalo panali nambala ya foni. Anaimba, n'kuika kuti tonse timve. Inaitana kawiri, wina n'kuyankha. Sanalankhule. Tinangomva tsamba likutembenuzidwa, kenako lina, kenako lina. Makina osindikizira anali ozima, koma chipinda chonse chinadzaza fungo lija.

Ndinene zoona, adokotala sanathawe. Tsiku lomwelo analemba kalata yoti pepala lawo lichotsedwe, ngakhale ankadziwa kuti ntchito yawo yathera pomwepo. Analira polemba. Patapita sabata zingapo, pamwamba pa pepalalo panadindidwa mawu ofiira akuti mwini wake walikana. Tinapuma masiku awiri. Tsiku lachitatu lake nambala inalumpha kuchoka pa makumi anayi kufika pa makumi asanu ndi awiri.

"Tsopano akulitchula ponena kuti ndinalichotsa," anatero, mutu uli m'manja. "Pepala likatuluka silibwerera, amake Nyerere. Lili m'makompyuta a anthu amene sindidzawaona. Ndingatenthe chipinda chino, lidzakhalapobe."

Sabata imeneyo tinaika anthu awiri. Mnzanga wosoka anayamba kukwawa, akukoka mwendo uja ngati thumba. Amene anali ndi achibale kutali anasamutsa odwala awo, koma mapepala ankakawapeza komweko. Bambo ake Nyerere amayendetsa lole ndipo amabwera kawiri pamwezi. Nditawauza pafoni anati ndimutengere mwana kwa agogo ake. Ndinawafunsa ngati kwa agogo ake kulibe denga.

Ndinatentha kakhadi ka Nyerere. Ndinaba kabotolo kake mufiriji n'kukataya m'chimbudzi. Ndinamusintha malo ogona, ndinamumeta tsitsi, ndinayamba kumuitana dzina lina. Lolemba madzulo ndikumusambitsa m'bafa, anaimitsa mutu.

"Amama, ndani akuwerenga?"

"Palibe. Tukula mkono."

"Akuwerenga kuseri kwa chitseko."

Lachiwiri anavala bwino nsapato imodzi, yakumanzere n'kumayenda nayo itapindika chidendene, iye osamva. Lachitatu adokotala anandiitana ndisanayambe kusesa. Anali atasindikiza pamakina aja pepala latsopano la olemba osadziwika aja. Sankafuna kundiwerengera, koma ndinagwira chitseko kuti asatuluke. Linkanena za nambala naini, mtsikana wa zaka zisanu. Linati phazi lakumanzere linayamba. Linati kenako anasiya kulankhula, ndipo pa deti lakutilakuti anasiya kupuma. Zonse zinalembedwa ngati zinachitika kalekale.

Ndi pepala limenelo ndinali nalo m'thumba usiku uja. Ndinaganiza zopita kwa aliyense amene anthu amati amadziwa zinthu, koma anzanga anali atapitako kale ndipo tinawaika. Mfiti ya m'mudzi umaidziwa pakhomo pake, umatha kukaigwadira. Uyu ndikanakamugwadira kuti? Kunja kukuyamba kuyera, maganizo anga anabwerera pa mwendo wa mnzanga wosoka. Chinthucho sichinapite pamene panali matenda. Chinapita pamene pepala linanena.

Kutacha ndinamusiya Nyerere kwa mnzangayo, n'kupempha singano imodzi. Adokotala ndinawapeza atagona patebulo ndi jekete lawo latsopano lija, litachita makwinya.

"Kalata yokonza ija," ndinatero. "Imathekabe?"

"Yokonza chiyani?"

"Mulembe kuti munalakwitsa. Nambala naini si mwana. Ndi mayi wa zaka makumi awiri ndi zinayi."

"Limenelo ndi bodza, amake Nyerere. Sindinalembepo bodza m'pepala."

"Mwendo wa nambala folo munalemba zoona?"

Ndinapinda mkono wa diresi n'kuika mkono wanga patebulo. "Tengani magazi, muike m'kabotolo, mulembepo naini. Likhale bodza la theka."

Anaphonya mtsempha kawiri. Atatha anayatsa kompyuta. Nambala inali pa makumi asanu ndi atatu ndi mphambu zitatu.

"Kalata zotere zimatenga miyezi kuti azisindikize," anatero osandiyang'ana. "Nthawi zina itatu."

"Amene akuwerengayo sadikira kusindikiza. Lembani."

Ndinaima pomwepo mpaka anatumiza. Kenako ndinasesa chipindacho monga mwa masiku onse, ndinakolopa, ndinapukuta firiji. Nditatuluka ndinakhala pakhonde la chipatala, n'kuvula nsapato yakumanzere. Ndinatchera khutu kudenga, koma kunali mbalame zokha. Ndinatenga singano ija n'kudzibaya pachidendene.

Ndinamva kuwawa bwinobwino. Ndinapukuta magaziwo ndi chala, ndinawerenga mpaka handiredi, n'kubayanso.