Ivo M'kamwa mwa Chifosholo

Zora anali mtsikana wa kwathu ku Kansas. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kupita ku mgodi wa malasha yekha, wopanda mchira kumbuyo.

Mchirawo unali mlongo wake, Ivo. Ivo anali wamng'ono. Miyendo yake inali yaifupi. Koma ikafuna kuthawa, sinkatsanzika.

Tsiku lina Amayi anali ndi zochapa zambiri. Anapatsa Zora zitini ziwiri za chakudya. China cha Bambo, china cha Amalume Anton. Anamupatsanso Ivo. Anati amugwire dzanja, asamusiye.

Zora anayenda. Ivo anatsatira.

Kwathu malasha sali pansi kwambiri. Amangofunda dothi ngati bulangeti. Kale anthu ankafundukula dothilo ndi nyulu. Nyulu zinkatopa. Anthu ankatopa. Kenaka kunabwera Chifosholo.

Chifosholo chinali chachikulu kuposa nyumba. Chinkayenda pa njanji. Chinkadya malasha. Chinkamwa madzi. Chinkapuma nthunzi. Chinali ndi mkono wautali wachitsulo. Kumapeto kwa mkonowo kunali chikamwa cha mano. Pansi pa chikamwacho panali chitseko.

A Orval ankayendetsa Chifosholo. Bambo ankasonkheza moto kumbuyo. Amalume Anton ankakhala pa kampando m'mwamba, atagwira chingwe. Akakoka chingwecho, chitseko chinkatseguka. Dothi lonse linkangoti khuthu!

Phokoso linali lalikulu. Onse ankatseka makutu ndi thonje. Ukawafunsa za mvula, ankakuuza dzina la galu wawo.

Zora ndi Ivo anafika masana. Chifosholo chinali chikupuma. Chikamwa chinali chitagona pansi.

Amunawo anachotsa thonje. Anadya buledi. Anadya nyemba. Amalume anaseka Bambo. Anati moto wawo walero sungawotche ngakhale mbatata.

"Alamu," anatero Bambo, "ntchito yanu yokoka chingwe ngakhale mbuzi ingaigwire."

Ivo ankakoka diresi ya Zora. Ankafuna kusewera chibisalirano. Zora anavomera msanga. Anamuuza kuti akabisale. Koma sanapite kukamufuna. Anangokhala pa mwala, n'kumadya chitumbuwa cha maapozi. Anadya pang'onopang'ono. Panalibe womupempha.

Wezulo inalira. Amunawo anabwezera thonje m'makutu. Aliyense anakwera pamalo pake. Amalume anasiya khofi wambiri m'chitini. Zora anatola zitini zija.

"Ivo, tiye kunyumba," anaitana Zora.

Ivo sanayankhe.

Zora anayang'ana kuseri kwa mbiya ya madzi. Ivo kunalibe. Anayang'ana kuseri kwa mulu wa malasha. Ivo kunalibe. Anayang'ana pansi. Anaona timapazi m'matope. Timapazito tinkapita ku chikamwa. Koma sitinabwerere.

Unyolo unalira. Chikamwa chinanyamuka.

Ukudziwa zimene amunawo ankachita akatha kudya? Asanayambe kukumba, ankakweza chikamwa chopanda kanthu. Ankapita nacho pamwamba pa mulu wa miyala. Kenaka Amalume ankakoka chingwe, kuti matope omatirira agwe. Ankati n'kuchitsuka m'kamwa.

Chikamwa chinakwera. Chinakwerabe.

Zora anakuwa. Anaitana Bambo. Bambo anali atafulatira, akuponya malasha pamoto. Anaitana a Orval. A Orval sanamve. Thonje linkagwira ntchito yake bwino kwambiri.

Zora anaimika dzanja m'mwamba. Analigwedeza mwamphamvu. Amalume anamuona. Anamwetulira. Nawonso anagwedeza dzanja. Ankaganiza kuti akutsanzika.

Mkono unayamba kutembenuka. Unkapita ku mulu wa miyala. Amalume anagwira chingwe.

Zora anathamanga. Matope anamulanda nsapato imodzi. Sanabwerere. Anatola chibuluma cha dothi n'kuponya. Chibulumacho chinasweka chisanafike. Anatola china. Nacho chinasweka.

Mulu wa miyala unali pafupi tsopano.

Zora anayang'ana chitini cha Amalume. Anachigwira pa chogwirira. Anachizunguza. Anachizunguzanso. Kenaka anachiponya.

Chitini chinauluka. Chinagunda bondo la Amalume, pha! Khofi anawathira pa malaya. Khofi anawathira pa ndevu. Amalume anasiya chingwe. Anayang'ana pansi ndi maso ofiira.

Zora analoza chikamwa. Analozanso.

Amalume anayang'ana m'mwamba. Pakati pa mano achitsulo panali tizala tiwiri. Kenaka panatuluka kachipewa kofiira.

Amalume anapingasa manja pamwamba pa mutu. Kwathu zimenezo zimatanthauza kuti ima. A Orval anaona. Anaponda buleki. Mkono unaima. Chikamwa chinangolendewera m'mwamba. Pansi pake panali miyala yokhayokha.

Dzanja la Amalume linayamba kupita ku chingwe lokha. Linali litazolowera. Mkono ukaima, ilo linkakoka. Silinkafunsa mwini wake. Amalume analiona. Analibweza msanga. Kenaka anakhalira manja awo onse awiri.

Bambo anadumphira pansi. Anazula thonje m'makutu. Nkhope yawo inali yakuda ndi malasha. Anayang'ana m'mwamba.

Phokoso linachepa. Ivo anaimirira m'chikamwa muja. Anasuzumira pansi. Anaona Bambo ali aang'ono ngati nyerere. Anayamba kulira. Anakweza mwendo umodzi pa dzino lachitsulo. Ankafuna kutuluka.

Bambo anamuuza kuti akhale pansi. Ivo sanamvere. A Orval anamuuza kuti asagwedezeke. Ivo analira kwambiri. Mwendo uja unali panja tsopano.

Zora anakumbukira chibisalirano chija. Anaphimba maso ake ndi manja.

"Ivo ali kuti?" anafunsa Zora mokweza. "Ine sindinamupeze."

Ivo anasiya kulira.

"Kodi ali kuseri kwa mbiya? Kodi ali m'thumba la Bambo? Mwana ameneyu amadziwa kubisala. Akangogona pansi, sindimupeza mpaka mawa."

Mwendo uja unabwerera mkati. Kachipewa kofiira kanatsika. Tizala tija tinasowa.

A Orval anamasula buleki pang'ono. Chikamwa chinatsika pang'ono. Anamasulanso. Chinatsikanso. Thukuta linkadontha pa mphuno yawo. Sanalipukute.

Amalume anali chikhalire pa manja awo.

Zora anapitiriza kufuna. Anafunsa mbiya. Anafunsa njanji. Anafunsa nsapato yake ili m'matope. Sanasiye.

Chikamwa chinatsika. Chinatsikabe. Chinadutsa m'mbali mwa miyala. Kenaka chinakhudza pansi, phee.

Zora anathamanga. Anasuzumira mkati. Ivo anali atagona chafufumimba, atatseka maso.

"Ndakupeza," anatero Zora.

"Mwachedwa, achemwali," anayankha Ivo.

Bambo anamunyamula. Anamukumbatira mpaka Ivo anadandaula. Anakumbatiranso Zora. Ana onse awiri anada ndi malasha.

Amalume anatsika pa kampando kawo. Anatola chitini chawo. Chinali chitaphwanyika mbali imodzi. Anati sanamwepo khofi wabwino chotero, ngakhale kuti anamwera m'ndevu.

A Orval sanaseke. Anati kuyambira tsiku limenelo, wezulo isalire pokhapokha munthu atayang'ana m'chikamwa. Ntchitoyo anaipereka kwa Amalume. Anati mbuzi singaithe.

Madzulo, onse anakhala pa tebulo. Zora ananena zonse, ngakhale za chitumbuwa chija. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto. Anaika Ivo pa miyendo. Anakokera Zora pafupi. Kenaka anayang'ana Bambo ndi Amalume. Anawayang'ana nthawi yaitali. Amuna aakuluwo anangoyang'ana mbale zawo.

Ivo anayasamula. Anatsamira pa chifuwa cha Amayi.

"Mawa ndikabisala pena," anatero. "Pabwino kuposa paja."

"Ayi!" anayankha onse pamodzi.