Ketulo Yosayatsidwa Lachisanu

Bambo ake a Kanyazi anatuluka m'chipinda choyezera nkhope ili gwaa, mkono umodzi wa shati ukadali wopinda.

"Makina awowo ndi akufa!" anatero mokweza, mpaka madalaivala anzawo pabenchi anacheuka. "Zaka khumi ndi zisanu ndikuyendetsa basi, lero akuti magazi anga akuthamanga?"

Anesi a pakampani ya mabasiyo anawatsatira ndi kapepala. "Bambo, tayeza kawiri. Mubwerenso Lachisanu. Zikadzakhala chonchi, pamsewu muyamba mwachokapo."

Kanyazi, amene anamupatsa dzinali chifukwa choyankhula ngati akupepesa, anangoyang'ana nsapato zake. Anawaperekeza poti sukulu inali yotseka, ndipo ankadziwa chimene makinawo anaona. M'mawa umenewo anawapangira yekha makapu awiri a khofi wakuda bii, masupuni atatuatatu. Ali pamzere, bambowo anagugudizanso chitini cha chakumwa chopatsa mphamvu, ati anesi asawaone ngati munthu watulo. Madalaivala onse ankatero tsiku loyezedwa.

M'buku lake la sayansi zinalembedwa poyera: kafini, amene amapezeka mu khofi ndi m'zakumwa zoterezi, amagunditsa mtima mwamphamvu n'kupanikiza mitsempha, magazi n'kumathamanga kwa maola angapo. Funso limeneli pamayeso analikhoza. Koma kulemba papepala n'kwina, kuuza bambo ako n'kwinanso.

Lachitatu pachakudya anayesa. "Ababa, m'buku mwathu akuti khofi..."

"Buku lakolo linayendetsapo basi?"

Achimwene ake anaseka mpaka kutsamwa. "Tamverani dokotala wa Fomu 3!"

"Asiye bambo ako, mutu wawo watentha kale," anatero mayi, akusonkhanitsa mbale.

Kanyazi anakalowa kuchipinda n'kuponya bukulo pansi pa bedi. Chinamuwawa kwambiri n'choti mawu onse anali nawo, ondondozeka bwino, koma akafika pakhosi ankangosungunuka.

Lachisanu linafika.

"Kanyazi! Ketulo ija yagona?"

Kanyazi anaima m'khitchini, chitini cha khofi chili m'manja. Bambo anatulukira pakhomo akumanga lamba.

"Sindipanga," anatero Kanyazi.

"Wati chiyani?"

"Sindipanga, ababa. Mukamwa, mtima uthamanga, makina awerenga zomwezija, basi akulandani. Mundikalipire tikabwerako."

Bambo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anatola kapepala ka anesi n'kumenyetsa chitseko. Kanyazi anawatsatira m'mbuyo. Njira yonse ankang'ung'udza kuti mutu ukuwaphwanya, kuti masiku ano ana ndiwo akulamula m'nyumba. Koma pashopu ya pageti la kampani, pomwe ankagula zakumwa zija, anadutsa osaima.

Anesi anakulunga chilamba pamkono, chinafufuma, chinaphwa. Kanyazi, ali pakhomo, ankayang'anitsitsa makinawo.

"Zatsika ndithu," anatero anesi. "Lero mwadya chiyani?"

"Mufunse chimene mwanayu sanandipatse," anatero bambo.

Anesi anamwetulira pang'ono, koma cholembera sichinasiye kuyenda. "Komabe sizinafike pabwino. Khofi uja anangokuza vuto lomwe linalipo kale. Muyamba mankhwala, muchepetse khofi pang'onopang'ono, ndipo milungu iwiri mukhala mu ofesi. Tikadzayezanso, tidzaona za basi."

Kanyazi anamva misozi ikubwera. Kulimba mtima konse kuja, mapeto ake milungu iwiri ya mu ofesi! Anayembekezera kuti bambo anene kuti mwaona, mabuku anu aja.

Bambo anatuluka akutsitsa mkono wa shati. Pabenchi panali madalaivala asanu odikira kuyezedwa. Wakumapeto, amene anzake ankamutcha Mabuleki, anali atangotsegula chitini chake.

"Iwe Mabuleki, ika pansi chimenecho."

"Aa, bwanji akulu? Mwasanduka anesi?"

"Ine ayi." Anagwira Kanyazi paphewa n'kumukankhira kutsogolo. "Auze zija unandiuza ine. Mokweza, awa makutu anagontha ndi injini."

Maso khumi anatera pa Kanyazi.

"Muli chinthu china m'zakumwazi," anayamba motsitsa, "dzina lake kafini."

"Sitikumva, mwanawe!" anatero Mabuleki, chitini chili m'malere.

Kanyazi anabwerezanso, ulendo uno mpaka anesi anasuzumira pakhomo.