Ndowa Yomwe Inawedza Nsomba

Yaritza ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuwedza kumapeto kwa mlatho.

Mlatho wa kwathu ku Puerto Almendro suwoloka mtsinje. Umangolowa m'nyanja, n'kuima. Pakati pake madzi ndi osaya. Tinsomba take ndi tating'ono ngati chala. Kumapeto madzi ndi akuya. Nsomba zazikulu zili kumeneko.

Koma kumapeto kunali ndowa. Ndowa yofiira. Ndowa yoyera. Ndowa yobiriwira.

Kwathu kuno ndowa imasungira munthu malo. Ukaika ndowa, malowo ndi ako. Wina sawedzapo. Nanga eni ake ndowazo anali kuti? Anali pansi pa mtengo, kusewera madomino. Tsiku lonse! Zoona zimenezo?

Yaritza anabwera masana, chingwe chake atakulunga pachitini. Anapeza ndowa. Anabwera m'mawa. Anapeza ndowa. Analawirira kwambiri. Anapezabe ndowa!

"Aaa, zanditopetsa!" anatero Yaritza.

Ndowa yofiira inali ya amalume ake, a Crispín. Yaritza anawalondola pansi pa mtengo.

"Amalume, muwedza lero?"

"Ndibwera, ndibwera," anatero amalume. Anamenya domino patebulo. Pha!

"Ndiye ndiwedzeko kaye ine."

"Iyayi. Pali ndowa yanga."

"Kodi ndowa imawedza?"

Madoda onse anaseka.

"Crispín, mwana wa mlongo wakoyu ndi tsabola!" anatero a Eusebio, eni ndowa yoyera.

"Takhala pansi, mwana iwe," anatero amalume. "Mlathowu suukudziwa. Kale unali wa sitima za nthochi. Unali ndi chipata chachitsulo. Unali ndi mlonda wa ndodo. Ife tinali ana. Tikafika pachipata, mlonda ankati, 'Chokani!'"

"Ankatipirikitsa ngati nkhuku," anatero a Eusebio.

"Kenako kunabwera namondwe," anapitiriza amalume. "Mlatho unathyoka. Sitima zinapita, osabweranso. Anaumanganso ndani? Ife! Wina thabwa, wina nyundo. Amayi ako anali kamtsikana. Ankanyamula misomali m'chipewa."

"Nanga chipata chija?" anafunsa Yaritza.

"Tinachizula. Tinachiponya m'nyanja kumapeto kuja. Nsomba zimabisala mmenemo mpaka lero. Tsiku limenelo tinalumbira. Tinati mlathowu ndi wa aliyense."

"Wa aliyense?"

"Wa aliyense."

"Ndiye ndiwedzeko."

"Iyayi. Pali ndowa."

Yaritza anapsa mtima. Anthu ake omwewa anataya chipata. Lero akutseka ndi ndowa!

"Chabwino," anatero Yaritza. "Malo ndi a ndowa? Iwedze yokha."

Anapita kumapeto kwa mlatho. Anakoleka nyambo kumbedza. Anamanga chingwe pachogwirira cha ndowa yofiira. Anaponya mbedza m'madzi. Kenako anabwerera pakati, akumasula chingwe. Anakhala pansi, chitini chili m'manja.

Anadikira. Anadikira. Anadikirabe.

Ndowa yofiira inagwedezeka. Gwede! Inasuntha pang'ono. Khwee! Inasunthanso. Khweee!

Chubwi!

"Amalume!" anakuwa Yaritza. "Ndowa yanu yakola nsomba!"

Amalume anadzambatuka. Tebulo linagwa. Madomino anamwazika. Anathamanga, nsapato imodzi itatsala pamchenga.

Ndowa inali kuyandama. Inkapita uku. Inkapita uko. Nsomba inkaikoka.

"Mayo ine, ndowa yanga! Koka chingwe, Yaritza! Koka!"

"Pakati pano sindingathe, amalume. Chingwe chikodwa pamizati ya mlatho. Chiduka."

"Ndiye pita kumapeto!"

"Kumapeto kuli ndowa."

"Dutsa!"

"Yoyera ija ndi ya a Eusebio. Yobiriwira ija ndi ya..."

"Ndowa zake ziti? Dutsa, mwana iwe, dutsa!"

Amalume anakankha ndowa yoyera ndi phazi. Anakankhanso yobiriwira. Yaritza anaima kumapeto kwenikweni. Anakoka. Amalume anakoka. A Eusebio anakoka. Ana onse amene ankawedza pakati anathamangira komweko. Nawonso anakoka.

Ndowa inakwera, madzi ali chuu! Pambuyo pake panabwera nsomba. Inali yofiira. Inali yaitali ngati mkono wa amalume.

A Eusebio anatola ndowa yawo. Anaikumbatira.

"Yangayi ndikupita nayo kunyumba," anatero. "Ingatengedwe ndi nsomba."

Ana anakhala pansi pomwepo. Anaponya mbedza zawo. Palibe anawauza kuti achoke.

Madzulo amayi a Yaritza anakazinga nsomba ija. Anakazinganso nthochi. Anaphika mpunga wa kokonati. Amalume anafika, ndowa ili m'manja.

"Mlongo, nsomba yanga yapsa?" anafunsa.

"Yanu, achimwene?" anatero amayi.

"Inakodwa pandowa yanga."

"Zoona. Yaritza anawedza. Ndowa inawedza. Inu munasewera madomino."

Amayi anaikira Yaritza nsomba m'mbale. Kenako anatenga mutu wa nsomba. Anauika m'ndowa.

"Idya, ndowa," anatero amayi. "Wagwira ntchito lero."

Yaritza anaseka mpaka misozi. Amalume anasuzumira m'ndowa. Anayang'ana mbale yawo. Munali mpunga wokha. Anakanda m'mutu.

"Chabwino, chabwino, mwandigwira," anatero amalume. "Kuyambira mawa, ndowa zizigona kunyumba. Wofuna malo akhalepo yekha."

Yaritza ananyema nsomba yake pakati. Anaika mbali yaikulu m'mbale ya amalume.

"Idyani, amalume," anatero. "Koma mawa mulawirire. Ine sindikusungirani malo."