Wakhudza Mfumukazi

Kwa a Yoramu Jere ku Biriwiri kunkakoma masiku amenewo. Akaweruka kumunda wa mbatata, ankakhala pakhonde ndi mwana wawo Obed n'kumasewera tchesi, masewera amene anawaphunzira kumigodi ku Joni. Ankaseka mpaka kutsokomola. Koma lamulo limodzi sankachita nalo nthabwala: msilikali wa pa bolodi amene wamukhudza, kaya ndi mfumukazi kaya hatchi, uyendetse yemweyo.

Obed anakula ndi luso, nayamba kupita kumipikisano, mapointi ake n'kumakwera. Kumeneko anapalana ubwenzi ndi Dyton, wosewera wa pakamwa pa uchi.

"Aise, chilungamo sichiwina gemu," anatero Dyton. "Ukakhudza molakwika, ingokana. Akujambula ndani?"

Obed anayesa kamodzi, zinatheka. Anayesanso, zinathekanso. Mphekesera zitafika kumudzi, amayi ake anamuitana.

"Mwanawe, zako zikumvekazi sizabwino. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ndi nsanje chabe, amayi," anayankha.

Mpikisano waukulu utabwera pa boma la Ntcheu, a Yoramu anavala jekete lawo la kutchalitchi kukaonerera mwana wawo koyamba. Obed anakumana ndi Tawina wa ku Kandeu, mtsikana wa mapointi ochepa, ndipo anamuderera. Masewera atatentha, Obed anagwira mfumukazi mopupuluma. Pomwepo anaona kuti ikangosuntha, mfumu yake yagwidwa. Anaisiya msanga, nayendetsa hatchi.

"Mwakhudza mfumukazi, achimwene," anatero Tawina.

"Sindinaikhudze!"

Woyang'anira mpikisano anafunsa oonerera ngati alipo amene waona. Onse anayang'ana kumbali. Obed anayang'ana bambo ake mtima uli m'malo, poti magazi ndi magazi. A Yoramu anadzuka pang'onopang'ono, navula chipewa.

"Ndi mwana wanga ameneyu," anatero. "Koma waikhudza."

Obed analamulidwa kuyendetsa mfumukazi, ndipo anagonja. Ena amene anawanamiza kale nawonso anatulutsa madandaulo awo, mpaka analetsedwa kusewera m'mipikisano. Dyton sanaonekenso.

Panja, Obed anagwada. "Bambo, ndikhululukireni."

"Ndakukhululukira," anatero a Yoramu akupukuta misozi. "Ukanangogonja, ndikanabwerera kumudzi ndikuimba. Koma wandiimika pagulu kuti nditsutse mwana wanga."

A Yoramu anatisiya, ndipo mpaka lero Obed akakumbukira mawuwo chakudya chimamukanika.

Achinyamata inu, lekani bodza likadali laling'ono. Gemu ukaluza umaseweranso mawa, koma bambo ake a Obed anamuonerera kamodzi kokha, ndipo anaona zimenezo.