Tipoti ya Amayi a Keziah

Keziah anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti amayi ake amweko kanthu.

Amayi ankadwala chifuwa. Phala ankakana. Msuzi ankakana. Madzi ankangolawa. Tsiku ndi tsiku ankaonderaondera.

"Amayi, mukufuna chiyani?" anafunsa Keziah.

"Tiyi, mwanangu," anatero amayi. "Kakapu kamodzi kokha."

Tiyi! M'tauni mwathu, kufupi ndi Boston, mawu amenewo sitinkawatchula mokweza. Mfumu ya ku England inaika msonkho pa tiyi osatifunsa. Ife tinakwiya. Tonse tinalumbira m'tchalitchi kuti tiyi sitidzamwanso. Wophwanya lumbiro, dzina lake linkakhomedwa pachitseko cha tchalitchi. Palibe ankamupatsanso moni.

Ndipo amene anatilumbiritsa anali a Thayer, mtsogoleri wathu. A Thayer anali bambo ake a Keziah.

Keziah anapita kwa bambo ake.

"Bambo, kakapu kamodzi kokha."

Bambo anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Sindingathe, mwanangu. Lumbiro lija ndinayambitsa ndine."

"Koma amayi sakudya."

"Ndikudziwa," anatero bambo. Misozi inalengeza m'maso mwawo.

M'nyumbamo munali zii. Munkangomveka kutsokomola. Keziah anachita mantha kwambiri.

Kenako anakumbukira masamba a mabulosi akutchire. Masamba amenewo akauma, amanunkhirako ngati tiyi. Keziah anatenga dengu. Anapita kutchire.

Kunkazizira. Mphepo inkaluma makutu. Masamba ambiri anali atayoyoka kale. Keziah anafunafuna. Minga inamubaya zala. Anafunafunabe. Minga inamukanda mikono. Anapeza masamba ochepa, ongodzaza dzanja.

Kunyumba anawayanika pafupi ndi moto. Tsiku loyamba sanaume. Amayi anakana phala. Tsiku lachiwiri sanaume. Amayi anakana msuzi. Tsiku lachitatu anauma gwaa.

Keziah anatsegula bokosi. Anatulutsa tipoti ya amayi, ya maluwa abuluu. Inali itakhala m'bokosimo chaka chathunthu. Anaitsuka. Anaikamo masamba. Anathira madzi otentha ndi uchi pang'ono. Kenako anaiika patebulo, pafupi ndi windo.

Apa ndiye panalakwika. Pawindopo pankadutsa Mayi Pratt, oyandikana nawo nyumba. Maso a Mayi Pratt sankaphonya kanthu, ngakhale singano itagwa mu udzu.

"Tipoti!" anakuwa Mayi Pratt. "Tipoti ikufuka nthunzi kwa a Thayer!"

Anthu anathamanga. Ineyo ndinathamanganso, sindibisa. Tinadzaza pakhomo. Wina anali atalemba kale dzina la a Thayer papepala. Wina ananyamula nyundo ndi msomali.

"Ife tikumwa madzi ngati abakha," anatero Mayi Pratt, "atsogoleri athu akumwa tiyi wa mfumu!"

Bambo anabwera kuchokera kukhola. Anaona anthu. Anaona tipoti. Nkhope yawo inagwa.

"Keziah," anatero motsitsa mawu, "wandichita chiyani?"

Zimenezi zinamupweteka Keziah kuposa minga ija. Ngakhale bambo ake! Anafuna kulira. Koma sanalire. Anathira m'kapu. Anapereka kwa Mayi Pratt.

"Lawani, mayi."

"Ine? Ndiphwanye lumbiro ine?"

"Lawani basi."

Mayi Pratt ananunkhiza. Ananunkhizanso. Analawa pang'ono. Nkhope yawo inachita tsinya.

"Iii! Koma kuwawa! Tiyi wanji ameneyu?"

"Ndi masamba a mabulosi," anatero Keziah. "Akutchire kwathu konkuno. Mfumu sikuwadziwa n'komwe."

Anavundukula tipoti. Tonse tinasuzumiramo. Munali masamba akuluakulu, obiriwira. Kenako tinaona manja ake. Anali mabala okhaokha.

Wa nyundo uja anabisa nyundo kumbuyo. Wa pepala uja anapinda pepala lake. Tonse tinachita manyazi. 

Kenako kuchipinda kunamveka timawu ta amayi.

"Kodi tiyi wangayo amumaliza a Pratt?"

Keziah anathamanga ndi tipoti. Amayi anaiona. Anaisisita pa maluwa ake abuluu. Anagwira kapu ndi manja onse awiri. Anapsontha kamodzi. Anapsontha kawiri.

"Akuwawa, eti amayi?"

"Akuwawa, mwanangu. Koma akutentha. Ndipo wachokera mu tipoti yanga."

Mayi Pratt anatuluka mwakachetechete. Posakhalitsa anabwerera ndi mphika wa msuzi. Anauika patebulo. Imeneyo inali nthawi yoyamba kuwaona Mayi Pratt atasowa chonena.

Bambo anagwada pafupi ndi Keziah. Anagwira manja ake a mabala aja.

"Pepa, mwanangu. Ndinakuganizira zoipa."

"Masamba atsala ochepa, bambo."

"Mawa tipita tonse. Minga ikabaye ine."

Amayi anamwa mpaka kapu inatha. Anamwanso msuzi, masipuni atatu. Keziah ankawerenga. Bambo ankawerenganso.

Kenako amayi anatambasula dzanja. M'dzanjamo munali kapu.

"Ndiwonjezere, mwanangu."