Nalimata ndi Mizati ya Bambo Ake

M'nyumba ya mmisiri wina munalibe chuma, koma mtendere unalimo wodzaza tho. Bambo anali womanga nyumba, mayi anali telala, ndipo makina awo ankalira pakhonde tsiku lonse. Mwana anali mmodzi yekha, mtsikana wowonda ngati bango. Ankamutchula Nalimata chifukwa chiyambire ali wamng'ono panalibe khoma limene sankakwera, kapena kabowo kamene sankasuzumira.

Bambowo ankadziwika ndi ntchito imene amisiri ena ankaithawa, yokonza nyumba zakale zong'aluka. Asanagwire chilichonse ankayamba achirikiza denga ndi mizati yachitsulo, ija imatalika kapena kufupika ukamapotokola chogwirira chake. Pa mzati uliwonse ankamangapo kansalu kofiira kochokera m'zidutswa za mayi. Nalimata ndiye ankang'amba tinsaluto, ndipo bambo ake anamuphunzitsa kukweza mzati ndi kuutsitsa.

"Kansalu aka kakunena chiyani?" ankamufunsa kawirikawiri.

"Kuti mzatiwo wanyamula moyo wa munthu, Bambo."

"Ndiye?"

"Wouika yekha ndiye amauchotsa."

Mtsikanayu atalemba mayeso omaliza kusukulu anapezeka alibe chochita. Mayi anamuitana kuti aphunzire kusoka, iye akuti msana. Anamutuma kumsika, iye akuti dzuwa. Koma msana ndi dzuwa lomwelo sizinkamuletsa kutsetserekera kumunsi kwa tauni, kumene kunali msewu wa mabizinesi akufa. Kunali sitolo ya nsalu yopanda zitseko, nyumba yoonetsera kanema imene mipando yake inamera bowa, ndi fakitale ya sopo imene inkanunkhirabe patalipatali ngakhale inatsekedwa iye asanabadwe.

Poyamba ankangoona. Ankalowa pawindo, n'kuima pakati pa fumbi. Ankawerenga mitengo ya katundu yofufutika pakhoma, kugwira kauntala imene anthu anaisalaza ndi zigongono, n'kujambula zithunzi pafoni yake. Anzake ankati ndi wolimba mtima, ndipo mawu amenewo ankamutsekemera kuposa shuga.

Tsiku lina anatola mwala wa sikelo wamkuwa m'sitolo ya nsalu ija. Mayi anaupeza pochapa.

"Ichi wachitenga kuti?"

"Ndatola, Amayi. Chilibe mwini."

"Chilibe mwini? Chinagwa ndi mvula? Pali munthu amene anachigula ndi thukuta lake. Kabweze pamene wachitenga."

Anatuluka nacho, koma sanakabweze. Panjira anakumana ndi mnyamata wina wogula zitsulo zakutha, amene ankayenda ndi wilibala ndi sikelo yokoleka. Anthu ankamutchula Maginito poti chitsulo chilichonse chimene wachiyandikira chinkamutsatira. Anautembenuza mwala uja m'manja n'kuimba kamluzu.

"Mlongo wanga, iwe umalowa m'nyumba zimene zija n'kutulukamo ndi zithunzi? Zithunzi umadya?"

"Si zanga zinthu za m'menemo, achimwene."

"Nanga n'za yani? Za makoswe? Dzimbiri likudya ulere, iwe ukuyenda ndi nsapato yong'ambika. Ine thupi langali silikwana pawindo. Iwe uzingondiponyera panja, zotsalazo n'zanga."

Anayamba ndi mipopi ya madzi. Kenako mawaya, mahinjesi a zitseko, mafelemu a mawindo. Nalimata anagula nsapato, anagula mafuta onunkhira, n'kumanena kunyumba kuti mnzake wamupatsa. Kutchalitchi anayamba kukhala kumbuyo, ndipo ulaliki ukafika pa lamulo lakuti usabe, ankaweramira foni. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma iye ankadziona ngati wochenjera kuposa pusi.

Bambo sanali munthu wolankhulalankhula. Tsiku lina akudya anangomugwira dzanja n'kulitembenuza. M'zikhadabo munali dzimbiri, ndipo pachikhatho panali chilonda cha waya.

"Manja awa akugwira ntchito," anatero. "Koma si ntchito ya m'nyumba muno. Ndamva kuti ukuyenda ndi Maginito."

"Anthu amangondida, Bambo."

"Mwanangu, wakutsina khutu ndi mnansi. Nyumba yakufa imaoneka ngati yagona, koma chilichonse m'menemo chatsamira chinzake. Ukasolola chimodzi sudziwa chimene wadzutsa. Komanso kuba ndi kuba, kaya mwini ali pakhomo kaya ali kumanda. Undilonjeze kuti sulowanso."

"Ndalonjeza, Bambo."

Analonjeza ndi pakamwa pokha. Sabata yomweyo Maginito anamutengera kunyumba ina yosanja kumapeto kwa msewu uja. Pansi pake kale ankaphikirapo buledi, pamwamba pankagona eni ake, ndipo masitepe okwerera pamwambapo anali panja. Chitseko cha pansi chinali ndi loko watsopano, koma kumbuyo kunali kawindo kotulukira utsi.

Nalimata anapinda thupi n'kulowa. Maso atazolowera mdima anaona uvuni waukulu wa njerwa, matebulo okandirapo ufa, ndi mng'alu woyenda pakati pa denga la simenti. Pansi pa mng'aluwo panaima mizati inayi yachitsulo, uliwonse uli ndi kansalu kofiira. Nsaluyo anaidziwa. Inali yotsala pa diresi imene mayi anamusokera chaka chatha.

"Muli chiyani?" anafunsa Maginito ali pawindo.

"Mulibe kanthu. Mizati yokha. Ndi ya bambo anga."

"Mizati! Imeneyo sitigulitsa pa sikelo, mlongo, amisiri amailimbirana. Tsitsa iwiri."

"Ayi, achimwene. Yanyamula denga."

"Denga limeneli laima zaka zingati popanda bambo ako? Ukasiya iwiri ikwanira. Kapena ndipite ndikawauze amene anamaliza mawaya a ku fakitale ya sopo?"

Apa m'pamene Nalimata anazindikira kuti amene ankamutcha mlongo anali atamumanga chingwe m'khosi. Akanatha kukana. Akanatha kupita yekha kwa bambo ake n'kugwada. Koma manyazi anamukulira kuposa mantha. Anamasula kansalu, n'kukaika m'thumba, n'kugwira chogwirira mmene bambo ake anamuphunzitsira. Maginito sakanadziwa kutsitsa mzati wopanikizika chotero. M'tauni monse, kupatula mwini wake, amene ankadziwa bwino anali iyeyo. Mzati woyamba utafupika, kafumbi kanayoyoka kuchokera mumng'alu n'kumugwera pamutu. Anakasasa, n'kumasula kansalu ka wachiwiri, n'kuutsitsa, kenako anaikankhira yonse iwiri pawindo kwa Maginito.

Mvula inagwa masiku otsatirawo osalekeza. Itakata, bambo anadzuka ali osangalala, akumwa tiyi chiimire.

"Lero ndikukayamba nyumba ya buledi ija," anauza mayi. "Mayi wamasiye mwini wakeyo akufuna atsegulenso. Ndiyambira pamwamba, ndichotse malata ovunda."

"Pamwamba pong'aluka paja? Mudzatigwetsa mtima inu," anatero mayi.

"Ndinachirikiza ndekha, mizati inayi. Pamenepo ngakhale njovu ikhoza kuvina." Anatembenukira kwa mwana wawo akumwetulira. "Si choncho, mmisiri wanga wamng'ono?"

Nalimata anayang'ana m'kapu. Mumtima ankati, ayamba atsegula pansi, aona okha. Iwiri ija ikwanira. Ndiwauza madzulo.

"Ndi choncho, Bambo," anayankha.

Bambo ananyamula chikwama cha zipangizo n'kutuluka. Nalimata anatsuka makapu, anasesa, anakhala pansi, anaimirira. Atapisa m'thumba la siketi anakhudza tinsalu tija, ndipo miyendo inanyamuka yokha. Anathamanga osavala nsapato, mayi akumuitana kumbuyo.

Atakhota pa sitolo ya nsalu anawaona bambo ake. Anali atayang'ana loko wa pansi, n'kuona kuti ali bwinobwino, ndipo tsopano anali pamwamba pa masitepe, akulowa. Munthu wokhulupirira ntchito ya manja ake analibe chifukwa chotsegulira pansi.

"Bambo! Musalowe! Bambo!"

Mawu ake anamezedwa ndi mkokomo. Fumbi linatuluka m'mawindo onse nthawi imodzi, ndipo nkhunda zimene zinkagona m'denga zinabalalika.

Anthu anafukula ndi mafosholo ndi manja. Nalimata anafukula mpaka zikhadabo zinazuka. Bambo anawapeza akupuma, koma simenti inali itawapsinja msana ndi dzanja lamanja. Maginito, amene ankaonerera chapatali, anakankha wilibala yake mwakachetechete, ndipo m'tauni muja sanaonekenso.

Kuchipatala adokotala ananena mosabisa kuti moyo wapulumuka, koma miyendo sidzayendanso. Chimene chinkawawa bambo kuposa mabala chinali china. Anthu anali atayamba kunena kuti mmisiri uja wakalamba, anachirikiza mwaulesi.

"Ndinaika inayi," ankabwereza ali chigonere, misozi ikutsikira m'makutu. "Mayi a mwana, kodi mutu wanga wayamba kusokonekera? Ndinaika inayi."

Nalimata sanathenso kupirira. Anagwada pambali pa bedi, natulutsa tinsalu tiwiri tofiira, n'kutiika pachifuwa pawo.

"Munaika inayi, Bambo. Iwiri ndinatsitsa ndine. Ndipo m'mawa uja munandifunsa, ine ndinakunamizani."

Mayi anagwira pakamwa n'kutulukira panja. Bambo anatiyang'ana tinsaluto.

"Unatsitsa bwino?" anafunsa motsitsa mawu. "Mmene ndinakuphunzitsira?"

"Inde, Bambo."

"Ndinakuphunzitsa kuti udzachirikize, mwanangu." Anatseka maso. Kenako anatambasula dzanja lamanzere, lokhalo lotsala ndi mphamvu, n'kuliika pamutu pake. "Ndakukhululukira. Mulungu akukhululukirenso. Koma ukanene kwa mayi wamasiye uja, ndi kwa onse amene akuti ndinachirikiza mwaulesi. Ukanene ndi pakamwa pako."

Anakanena, khomo ndi khomo, ndipo manyazi amene ankawathawa aja anawamwa onse mpaka dontho lomaliza. Chikhululukiro anachilandira, koma sichinadzutse miyendo ya bambo ake. Lero Nalimata amasoka pakhonde pamodzi ndi mayi ake. M'mawa uliwonse amanyamula bambo ake kuwakhazika pampando kuti awothere dzuwa, ndipo chikwama cha zipangizo chili pakona, chikuchita dzimbiri.

Inu achinyamata, tamverani. Palibe chinthu chopanda mwini, ndipo tchimo limene layamba ndi kamwala ka sikelo silithera pomwepo. Mukalakwa, nenani msanga nthawi ikadalipo, pakuti manyazi a kuulula amapola, koma pali zina zimene zikagwa sizidzukanso. Nalimata anapatsidwa m'mawa wathunthu woti anene mawu ochepa okha, ndipo anawanena bambo ake atakwera kale masitepe.